Mimba ya Mwansa ndi Inki ya Mtovu

Ntchito yanga yoyamba inali yosindikiza masaka a ufa, pa fakitale ina ya mu Lusaka, ku Heavy Industrial kuseri kwa njanji. M'mawa uliwonse ndinkayenda wapansi kuchokera ku Chawama. Ndinagwirapo zaka zambiri, mpaka inki ndinkaidziwa ndi maso okha: ikalimba, ikachuluka thinala, ikayamba kuumira pa sikirini. Kenaka malaiti anayamba kupita. Poyamba anali maola ochepa, kenaka tsiku lathunthu, akuti madzi achepa ku Kariba. Makina ankangokhala chete, ife tili panja pa mapaleti kuothera dzuwa. Kwacha nayo inkagwa, inki yochokera kunja inadula, ndipo Lolemba lina tinapeza pageti pali loko watsopano ndi pepala lotithokoza.

Ndinayesa salaula, kugulitsa zovala zakale zochokera kunja. Koma masiku amenewo aliyense wochotsedwa ntchito ankayesa salaula, moti ogulitsa tinachuluka kuposa ogula. Pakhomo tinalipo ine, amayi, mng'ono wanga Esinati, mlongo wanga Yohane ndi mwana wanga Taonga, amene anali giredi faivi. Bambo ake a Taonga anapita ku migodi kalekale osabweranso.

Mkulu wina wa kutchalitchi ndiye anandiuza za ejenti amene ankafuna anthu odziwa makina osindikiza kuti akagwire ntchito ku Ulaya. Ndinkayesa ndi akuba aja olanda anthu mapasipoti. Koma anandiimbira foni ya kanema, ndipo mzimayi wachizungu wa magalasi okhuthala anandifunsa kuti chosindikiza chikatuluka ndi mzere woyera pakati, ndimayamba kuyang'ana chiyani. Ndinati ndimayamba ndi mutu wa makina, inki ndimainamizira pomaliza. Anaseka, nalemba kenakake. Patapita miyezi ingapo ndinali pa bwalo la ndege, nditavala chijasi chimene Esinati anasankha m'belo langa lomwe. Anati chijasicho chikubwerera kwawo, ine ndikungochiperekeza.

Ochokera ku Lusaka tinali awiri. Winayo anali Mwansa wa ku Matero, wamng'ono kwa ine ndi zaka pafupifupi khumi, amene kale ankasindikiza malebulo a mabotolo. Anali wolongolola, Chinyanja chake chodzaza ndi Chibemba, ndipo tisanafike n'komwe anali atayamba kale kunditcha ba sisi. Anatipatsa chipinda chimodzi cha mabedi awiri pamwamba pa shopu ya matayala. Khitchini tinkagawana ndi anthu a ku Nepal ndi a ku Filipino. Tsiku limene Mwansa anakazinga kapenta, tinsomba touma timene anabwera nato, nyumba yonse inatsegula mawindo kunja kukugwa chipale, ndipo mawa lake tinapeza kapepala pa chitseko. Sitinakawerenge chifukwa chinenerocho sitinkachidziwa, koma tinamva.

Ine ndinkaganiza kuti tikukapanga masola aja timawaona pa madenga a mashopu ku Kamwala, olemera, a galasi. Amenewo amapangidwa ndi silikoni. Zathu zinali zina. Tsiku loyamba mzimayi wa pa foni uja, amene Mwansa anamupatsa dzina loti Ba Magalasi, anatisonyeza kabotolo ka madzi achikasu ngati saladi, mafuta ophikira aja. Anati dzina lake ndi perovusikaiti. Ine ndinatha sabata ndikuphunzira kutchula. Mwansa anangoti pelo, ndipo patapita nthawi ngakhale azungu ena a m'chipinda chathu ankati pelo.

Makina ankasindikiza madziwo pa pulasitiki wopyapyala. Pulasitikiyo ankadutsa pamoto wochepa, ndipo uli chiyang'anire chikasu chija chinkasanduka chofiirira, kenaka chakuda bii. Ba Magalasi anatenga kachidutswa kamodzi kotha kale, analumikiza mawaya awiri, ndipo kababu kanayaka ndi kuwala kwa m'chipinda momwemo, dzuwa kulibe. Kenaka anakapinda ngati chitenge. Mwansa anandigwira mkono n'kunena kuti, "Ba sisi, ivi ni vamasenga."

Koma chinthucho chinali chofooka. Chinkaopa chinyezi, chinkaopa mpweya, kutentha kwambiri nakonso chinkakuopa. Inki tinkaisakanizira m'mabokosi otseka, manja tikulowetsa m'magolovesi aatali omatidwa ku galasi. Chinyezi chikalowa pa pepala lomalizidwa, chakuda chija chinkabwerera ku chikasu, ndiye kuti lafa. Pamwamba pathu panali anthu ophunzira amene ntchito yawo inali kulimbana n'zoti chikhale zaka zambiri ngati silikoni. Sabata iliyonse ankatsitsa msakanizo watsopano wokhala ndi nambala yake. Wina ankaupaka pamwamba pa silikoni kuti ugwire kuwala kumene silikoni imakuphonya. Zambiri zinkathera m'migolo ya zotaya. Ife yathu inali kusindikiza, kumata kuti mpweya usalowe, ndi kuyang'ana ndi maso.

Ndinaona kuti mapepala a Lolemba m'mawa ankatuluka ndi timizere. Apamwamba aja ankasinthasintha msakanizo, timizere osachoka. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kuuza Ba Magalasi kuti inki ilibe mlandu, makina akagona Loweruka ndi Lamlungu mutu umaumira, ngati momwe unkachitira wa masaka malaiti akapita. Ndinati tiyambe tayendetsa pulasitiki wotaya tisanaike wabwino. Anati tiyese. Timizere tinatha. Kuyambira pamenepo akamadutsa ankaima pa makina anga n'kundifunsa kuti lero inki ikuoneka bwanji.

Chinthu chimodzi chokha ndicho chinkandisowetsa mtendere. Pa maphunziro a tsiku loyamba anatiuza m'Chingerezi kuti inkiyo ili ndi chitsulo china choopsa, ndipo anatipatsa malamulo: magolovesi awiri, chophimba kumaso, kupimitsa magazi nthawi ndi nthawi, ndipo mzimayi woyembekezera asalowe m'chipinda cha inki ngakhale pang'ono, chifukwa cha chitsulocho ndiponso mankhwala osungunulira. Ndinasainira ngati ena onse. Tikubwerera kunyumba pa basi m'pamene dzina la chitsulocho linandifika m'chinenero chathu. Mtovu.

Ine ndinabadwira ku Kabwe. Bambo anachoka ku Katete kukagwira ntchito mu mgodi wa kumeneko, ndipo tinabwera ku Chawama mgodi utatsekedwa. Ana tonse tinkasewera m'fumbi lochokera ku chimulu chakuda cha mgodiwo. Ena tinakula bwino. Yohane anachedwa kuyenda, anachedwa kulankhula, sukulu inamukanika ali giredi thuu. Patapita zaka anthu a zachipatala anabwera kudzapima ana a m'dera lathu lakale, ndipo m'pamene amayi anamva kuti fumbi lija linali ndi mtovu. Yohane lero ali ndi imvi. Amasesa kutchalitchi, amaseka ndi aliyense, ndipo sangapite yekha kutauni. Sindinganene motsimikiza kuti ndi mtovu unamuchita zimenezo. Koma amayi amatero, ndipo inenso ndimatero.

Ku fakitale kunalibe fumbi. Kunali koyera kuposa chipatala chilichonse chimene ndinalowapo, ndipo magazi anga nthawi zonse ankatuluka bwino. Apamwamba ankayesanso kuika chitsulo china m'malo mwa mtovu, koma mapepala akewo ankafa asanatuluke n'pakhomo. Choncho mtovu unakhalabe.

Chaka choyamba chinapita chotero. Ndinkatumiza ndalama mwezi uliwonse, denga la ku Chawama linasinthidwa, Taonga sanathamangitsidwenso kusukulu. Lamlungu masana ndinkaimba foni, ndipo kawirikawiri inkaduka chifukwa batire la kumeneko latha. Esinati ankati, "Imwe mupangila bazungu malaiti, ise kuno tiyaka makandulo. Mutibweletseleko kamozi." Ndinkalephera kumufotokozera kuti zimene tinkapanga zinali zisanafike poti munthu n'kuika padenga. Zinkangokwanira tinthu ting'onoting'ono ta m'nyumba ndi m'mashopu.

Chaka chachiwiri Mwansa anapita kutchuthi kukaona mwamuna wake, Ba Kelvin, amene ntchito inawathera pamene kampani yawo ya zitsulo inatseka. Anabwerako ndi kapenta watsopano ndi nkhani za Matero yense. Patapita miyezi iwiri ndinaona kuti kapenta uja sakumukhudza. M'mawa ankachedwa kubafa madzi akungotuluka pampopi. Kuntchito ndinamuona atatsamira chipumi pa galasi la bokosi, manja ali m'magolovesi, osachita kanthu.

Loweruka lina tikuchapa ndinamufunsa. "Mwansa, uli na mimba?"

Anapitiriza kufinya malaya. Kenaka anandichonderera kuti, "Ba sisi, osakamba. Napapata."

"Uziba vamene vili mu inki muja."

"Niziba. Nivala magolovesi yabili, nthawi zina yatatu. Kontilakiti yasala myezi itatu. Bakasaina che yatsopano, nizakamba neka. Ovolosi ni ikulu, palibe azaona."

"Myezi itatu ni yamene mwana apangika."

"Nanga nikabwelela ku Matero azapangika na chani? Ba Kelvin balibe nchito. Bamayo bali pa mankhwala ya shuga. Bonse bayang'ana ine."

Ndinamufotokozera za Yohane. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Kuja kunali fumbi, bana benze kudya dothi. Kuno tili mu bokosi." Sankanama. Sindinauze aliyense kwa masabata awiri athunthu, ndikumuona akulowa m'chipinda chija m'mawa uliwonse.

Lachitatu lina tikuvula zovala za ntchito kuti tikadye, ndinaona kadontho kachikasu pa dzanja lake, pafupi ndi pomangira wotchi. Golovesi inali itaboola penapake. Anathamangira pa sinki n'kuchapa ndi sopo kangapo, uku akundiyang'ana pagalasi. Kanali kadontho kochepa ngati njere ya mapira. Tili pa basi ndinamuuza kuti, "Ukapanda kukamba mailo, nizakamba ine."

Anati, "Mukakamba, ine na imwe tasilizana."

Mawa lake sananene. Analowa m'chipinda cha inki ngati masiku onse. Nthawi ya tiyi ndinakwera masitepe n'kugogoda pa ofesi ya Ba Magalasi. Chingerezi changa chinathawa, ndinangoti Mwansa ali ndi mwana m'mimba. Anavula magalasi aja, koyamba kuwaona maso ake opanda kanthu, n'kufunsa kuti miyezi ingati. Nditamuuza anatukwana m'chinenero chake, natsika masitepe mothamanga kundisiya ndili chiimire.

Tsiku lomwelo Mwansa anamusamutsira kolongedza makatoni. Anamupima magazi, ndipo dokotala anati palibe chodetsa nkhawa. Ba Magalasi analemba kalata yopempha kuti akhalebe. Apo m'pamene ndinamvetsa bwino chinthu chimene chinali m'mapepala athu kuyambira pachiyambi: sitinali antchito a fakitale, tinali a ejenti. Kontirakiti itatsala pang'ono kutha, ejenti anati malo amene analipo anali a munthu wolowa m'chipinda cha inki, ndipo kolongedza kuli kale anthu okwanira. Sanamuchotse. Anangosiya kusaina.

Masabata otsalawo tinakhala chipinda chimodzi osalankhulana. Mwansa anamanga chingwe pakati pa mabedi n'kukolekapo chitenge. Akafuna mchere ankapempha kwa a ku Nepal. Tsiku lonyamuka ndinatenga chikwama chake chachikulu n'kutsika nacho, ndipo sanandiletse. Pa siteshoni, basi itafika, anatembenuka n'kundiuza kuti, "Mwamupulumusa ku mtovu. Manje mukanipezele vamene azadya." Anakwera. Sanakhale kumbali ya windo.

Ine ndinakhalako zaka zina zitatu. Pa bedi la Mwansa panabwera mtsikana wa ku Nepal, wofatsa, amene ankandiphikira tiyi wa tsabola ndikadwala chimfine. Ndinatumizira Mwansa mauthenga kangapo. Ankaoneka kuti awerengedwa, yankho osabwera. Ndinatumizanso kenakake kudzera mwa Esinati, koma Mwansa anakabweza. Mapepala athu anayamba kukhalitsa kuposa poyamba, koma osati mmene eni ndalama ankafunira, ndipo fakitale inachepetsa makina. Ba Magalasi anandiitana n'kundiuza yekha kuti chaka chamawa malo anga kulibe. Anandigwira chanza nthawi yaitali. Sanatchule za Mwansa, inenso sindinatchule.

Ku Chawama ndinapeza denga lowala ndi mpanda wa mabuloko. Ndinapezanso kuti Esinati anakwatiwa, ndipo chipinda changa ndicho chinali chawo ndi mwamuna wake. Ine anandiyalira kwa amayi. Taonga anali atandipitirira msinkhu. Anabwera kudzandipatsa moni atagwada ngati kwa mlendo wa kutchalitchi, kenaka anapita kukafunsa Esinati ngati angapite kwa mnzake. Esinatiyo ankamutcha mami. Sindinadandaule poyera. Amene anamuchapira mayunifolomu zaka zonsezo ndi Esinati. Yohane yekha ndiye anandilandira ngati ndachoka dzulo, anangondifunsa ngati ndabwera ndi mabanzi.

Malaiti ankapitabe. Pafupifupi nyumba iliyonse inali ndi kasola kakang'ono pa denga, ndipo anthu atamva kuti ndinali ku fakitale ya masola anayamba kundibweretsera zawo zowonongeka. Ndinkawauza kuti za silikoni ndi mawaya ake sindizidziwa. Bambo wina woyandikana nafe anandiyang'ana n'kunena kuti, "Nanga zaka zonse izi mwenze kupanga chani kansi?" Ndinayamba kufotokoza za inki yachikasu yosanduka yakuda, koma ndinaona kuti akuganiza kuti ndinkagwira ntchito ina yochititsa manyazi, ndiye ndinasiya.

Zinanditengera miyezi inayi kuti ndipite ku Matero. Ndinagula maswiti pa siteshoni, ndinafunsa njira kawiri, ndipo mayi wina wogulitsa makala anandilozera kantemba, kashopu kakang'ono ka buluu, pafupi ndi msika. Padenga pake panali sola yakale ya galasi, yothyoka pangodya, yomangidwa ndi waya. M'kati munali Mwansa akutchajira anthu mafoni. Anali ataonda. Pansi pa kauntala panakhala kamtsikana kakuika tizitsekero ta mabotolo m'mizere.

Anandiona ndili patali. Sanadabwe. Anamaliza kumata kapepala ka dzina pa foni ya kasitomala, kenaka anati, "Mwabwela."

"Nabwela."

Anandikankhira kireti ndi phazi, ndinakhalapo. Mwanayo anadzuka n'kubwera kudzaona chimene chinali m'manja mwanga. Ndinamupatsa maswiti. Anandiuza kuti dzina lake ndi Mapalo, kuti tizitsekero tofiira ndi take ndipo tobiriwira ndi ta amayi ake, ndiponso kuti nsapato zanga ndi za amuna. Ndinkamuyang'ana m'maso, mmene ankagwirira zinthu, mmene ankayankhira akaitanidwa.

"Lekani kumupima na menso," anatero Mwansa. "Ali che bwino. Akamba maningi kuchila ine."

Kenaka anandiuza zonse, mawu ake osakwera, uku akulandira mafoni. Ndalama zimene anabwera nazo zinatha mwana asanayambe kukwawa. Anagulitsa bedi, anagulitsa firiji. Ba Kelvin anapita ku Solwezi kukafuna ntchito, ndipo tsopano ali ndi banja lina kumeneko. Amayi ake anamwalira chaka chachiwiri, mwezi umene mankhwala anasowa. Mapalo anagonekedwapo m'chipatala masabata atatu chifukwa cha kuchepa kwa chakudya m'thupi, miyendo itatupa. Sola ija anaigula yothyoka kale, naikonza yekha.

Ndinati pepani chifukwa cha amayi.

"Sinizakamba zikomo, bana Taonga," anatero, kunditchula ndi dzina la mwana wanga.

"Sininabwelele zikomo."

"Nanga mwabwelela chani?"

"Kumuona. Na kukuona iwe."

Kunabwera mnyamata wa wilibala kudzatenga foni yake, anakangana naye pang'ono za chaja, kenaka anapita. Mwansa anapukuta kauntala imene inali yoyera kale.

"Nifunseko chimozi," anatero. "Sembe munaziba kuti vizankhala so, sembe munakamba?"

Ankafunsa ngati ndikanamunenezabe ndikanadziwa mmene zidzathere. Ndinaganiza zomunamiza, koma akanadziwa. Ndinati, "Sembe ninakamba."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anayang'ana mwana wake, amene tsopano anali ndi maswiti awiri m'kamwa nthawi imodzi. "Ine neka sembe sininachokemo muja," anatero. "Olo myezi itatu itasila, sembe ninapeza chifukwa china. Ichi nichiziba. Koma mutima ukali kubaba."

Ndinati ndamva. Ndinakhalako pang'ono, kenaka ndinaimirira kuti ndikapeze basi dzuwa lisanapendeke. Sanandiperekeze. Nditayenda masitepe angapo anandiitana.

"Bana Taonga! Mukabwela futi osabwelesa maswiti, yaononga meno. Mubwele na mazai."

Sabata yotsatira ndinapita ndi mazira.